Kambuku Wopanda Mchira

Bukulo linatsika mu Ilala ngati katundu wina aliyense, kungoti silinalembedwe m'kaundula wanga. Anandipatsa ndi mnyamata wina woyala mabedi m'zipinda zapamwamba za sitimayo, amene analitola mzungu wina atatsikira ku Nkhata Bay. Chikuto chinali chitachoka kale. Mnyamatayo anati anaching'amba yekha n'kuchiponya m'nyanja chifukwa panali chithunzi cha mkazi wovala zosakwanira, ndipo masiku amenewo lamulo la kavalidwe la 1973 linali likadali lotentha. Dzina la buku tinaliwerenga patsamba lam'kati: Tiger by the Tail, wolemba James Hadley Chase. Munali mu 1976, mwezi wa June, mwera utayamba kuvundula nyanja.

Ine nthawiyo ndinali kalaliki wa katundu padoko la Chipoka. Ana a lero akamadutsa pamsewu wa M5 amangoima kugula nsomba n'kumapitirira, osadziwa kuti pano mpamene njanji inkagwirana chanza ndi nyanja. Njanji inafika kuno mu 1935, ndipo m'masiku athu sitima ya pamtunda ndi ya pamadzi zonse zinali m'manja mwa Malawi Railways. Mpunga wa ku Karonga unkatsika m'sitima ya pamadzi n'kulowa m'mabogi opita ku Limbe. Feteleza, simenti, shuga ndi mchere zinkachoka m'mabogi n'kumapita kumpoto. Mpasa ndi Nkwazi zinkanyamula katundu, Ilala anthu ndi katundu yemwe. Koma ntchito ya padoko ili ndi mbali ina imene sanailembe pakalata yolembera munthu ntchito: kudikira. Mwera ukakwiya sitima inkachedwa, ndipo amuna makumi awiri kapena atatu onyamula matumba ankangokhala kuseri kwa shedi, kothawa mphepo, bawo itawatopetsa.

Mpamene buku lija linapeza ntchito.

Chingerezi changa chinali cha malisiti. Ndinkatha kuwerenga, koma kumasulira mokoma ayi. Amene anatipulumutsa ndi aphunzitsi ena a kupulaimale, munthu wochepa thupi wa mawu aakulu, amene madzulo ankabwera kusiteshoni kudzafunsa ngati sitima ya ku Limbe yabweretsa nyuzipepala. Iwowo ankawerenga ndime yonse chamumtima, milomo ikugwedera, kenako n'kutseka buku ndi chala n'kuyamba kufotokoza m'Chichewa ngati anaziona okha. Mawu a zigawenga ankawatulutsira kukhosi, a akazi kumphuno. Ayao a m'gulumo akapanda kumva bwino, foromani wathu ankawaonjezera m'Chiyao, ndipo ndikukhulupirira kuti ankathiramo mchere wakewake, chifukwa mbali yawo inkaseka pamene ife sitinaseke.

Dzina lenilenilo linayamba ndi mkangano. Aphunzitsi anati nyamayo kuno kulibe, ndi kambuku wamizeremizere wa ku India. Mlonda wathu, nkhalamba imene inamenya nkhondo ku Burma ndi asilikali a KAR, inadzuka n'kunena kuti mapazi a chilombocho inawaonapo m'matope ndi maso ake, aakulu ngati mbale ya nsima. Palibe anatsutsa. Kuyambira tsiku limenelo bukulo linangokhala Kambuku. "Akalaliki, Kambuku ali kuti? Mutulutseni."

Nkhani yake, kwa amene simunaiwerenge, imayamba mophweka. Ken Holland ndi kalaliki wa kubanki, munthu wofatsa wapabanja. Mkazi wake wapita kukadwazika mayi ake. Mnzake wa kuntchito akumupatsa nambala ya lamya ya mkazi wina woyendayenda, Fay Carson, n'kumunyengerera kuti akacheze usiku umodzi wokha. Ken akupita. Usiku womwewo Fay akubayidwa m'nyumba mwake Ken ali momwemo, wakupha osaoneka, ndipo aliyense amene anamuona Ken akukwera makwerero a nyumbayo akusanduka mboni yomupachika.

Aphunzitsi atafika pa chida chimene anabayira mkaziyo anaima. Anati ndi chitsulo chosongoka choswera ayezi. Anyamata anayang'anana. Ayezi n'kumusweranji, ndipo munthu n'kusungiranji chitsulo cha ntchito imeneyo m'nyumba? Foromani anapisa m'thumba n'kutulutsa singano yaikulu yosokera matumba. "Ngati iyi?" Aphunzitsi anati eya, ngati imeneyo. Kwa sabata yathunthu munthu akagwira singano anzake ankamupatuka monamizira mantha.

Omvera anagawikana msanga, ndipo kugawikanako n'kumene ndimakumbukira kuposa nkhani yeniyeniyo. Anyamata okwatira kumene ankamumvera chisoni Ken, chisoni chokayikitsa ndithu. Achikulire ankangopukusa mitu kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Koma woweruza wamkulu anali mayi wina wogulitsa kanyenya kwa apaulendo a sitima ya pamtunda. Poyamba ankakhala chapatali ndi beseni lake ngati sakumva. Tsiku lachitatu anasendeza beseni. Tsiku lachisanu ndi amene ankatiuza pamene tinalekezera.

"Ameneyo anyongedwe," anatero mayiwo.

"Mayi, nanga si sanaphe ndi iye?"

"Ndani wanena zakupha? Mkazi wake akupukuta masanzi a apongozi ake, iye akukwera makwerero a eni. Anyongedwe, zakuphazo adzafufuze pambuyo."

Anyamata anafa nako kuseka, koma ndinaona kuti awiri atatu anasekera pansi.

Zikanathera pomwepo bwenzi ili nthano chabe ya mwamuna wosakhutira, yonga zimene tinkamva pa Kapalepale. Koma pakati pa bukulo pakutulukira munthu wina, Sean O'Brien, ndipo nkhani ikutembenuka. Imfa ya mkazi uja ikukhudza anthu oyandikana naye, choncho iye akufuna kuti mlandu uthe msanga, ugwere aliyense amene ungamugwere. Apolisi akuluakulu a mumzindamo ali m'thumba mwake. Akuluakulu oyendetsa mzinda amadya m'manja mwake. Apa aphunzitsi anavutika kumasulira kuposa pa ayezi paja.

"Ndi meya?" anafunsa foromani.

"Ayi, si meya."

"Ndi nduna?"

"Ayi."

"Mkulu wa apolisi?"

"Ayi. Alibe mpando uliwonse. Dzina lake silili pachitseko cha ofesi iliyonse. Koma akakweza lamya, wapampando amaimirira."

Panali zii. Kunkangomveka mafunde akumenya zipilala za doko ndi malata a shedi akulira ndi mphepo. Kenako mlonda, osadzutsa mutu pa fodya amene ankapichira, anati: "Pitirizani, aphunzitsi. Tamumva."

Sanati tamudziwa. Anati tamumva. Koma aliyense anamva chimene chinanenedwa, ndipo palibe anayang'ana mnzake kumaso.

Mwina muyenera kukhala munthu wa msinkhu wanga kuti mumvetse kulemera kwa kachetechete ameneyo. Inali nthawi ya chipani chimodzi, Ngwazi ili Pulezidenti Wamuyaya kuyambira 1971. Khadi la chipani unkalionetsa polowa mumsika ndi pokwera basi, ayufi a malaya ofiira ataima pakhomo. Munthu ankatha kupita kuntchito m'mawa osabwerako, abale ake osayerekeza kufunsa. Mawu akuti ziphuphu kapena katangale sunkawayika m'chiganizo chimodzi ndi dzina la munthu wa m'boma. Ndiye tangoganizani: amuna makumi awiri ndi mayi mmodzi, masanasana, pabwalo la kampani ya boma, akukangana mokweza ngati munthu wamkulu angagule apolisi, ngati wosalakwa angapachikidwe kuti wolakwa agone tulo. Ndipo palibe mlandu, chifukwa zonsezo zinkachitikira ku Amereka.

Mkangano waukulu unali pa wapolisi wina m'bukumo, Adams, amene ankafuna kumugwetsa O'Brien. Aphunzitsi ankamukonda. Ankati m'dziko lililonse mumapezeka mmodzi amene sagulika. Foromani ankakana kwamtuwagalu. "Aphunzitsi, inu mumakhala ndi ana, simudziwa anthu. Ameneyo sakudana ndi kuba. Akudana ndi kuti akuba ndi ena." Mayi a kanyenya anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndiye Adams angotaya nthawi. Wina anati sapheka ngati mkhatewo ukuufuna. Nanga ukalolera kuti usweke? Apo mlonda anatsokomola, ndipo tonse tinakumbukira kuti pali ntchito yosesa m'shedi.

Madzulo ena ndikuwaperekeza m'mbali mwa nyanja, asodzi akukonza nyali zopita nazo kokakola usipa, aphunzitsi anandinong'oneza chimene chinandisowetsa tulo. Anati chaka chathachi, mu 1975, mnyamata wina wophunzira, Sam Mpasu, anatengedwa chifukwa cha buku limene analemba, Nobody's Friend. A Special Branch anaganiza kuti munthu wopanda bwenziyo ndi Ngwazi. Mpasu anali ku Mikuyu, osaonekera kukhoti. "Ndiye akalaliki," anatero, "buku lanulo muzilisunga bwino. Wolemba wake ali kutali, sangamufike. Womasulira ali pompano." Kuyambira tsikulo Kambuku ndinamukutira ndi pepala la khaki la thumba la simenti n'kulembapo kuti Kaundula wa Matumba Ong'ambika.

Mantha amabala mayina. Panali mnyamata wina amene ankakhala kumapeto, wosayankhula, woseka mochedwa anzake atamaliza. M'bukumo muli kamunthu konyansa, Sweeting, koyenda ndi kagalu kake m'manja, kosuzumira za eni kuti kazigulitse. Mnyamata uja tinayamba kumutchula kuti a Sweeting, kumbali. Akafika nkhani inkazizira. Patapita miyezi tinadzazindikira kuti khutu lake limodzi linali logontha chibadwire, n'chifukwa chake ankaseka mochedwa: ankadikira kuti mnzake amubwerezere. Mpaka lero ndikamukumbukira ndimachita manyazi. Anali munthu wabwino, ndipo anandinyamulira bokosi la mwana wanga pamene ena anali kutali.

Amene tinkayenera kumuopa anabwera poyera. Tsiku lina tcheyamani wa nthambi ya chipani anatulukira pakona ya shedi ndi ayufi awiri, aphunzitsi ali pakati pochita mawu a O'Brien. Kuthawa kunali kosatheka.

"Msonkhano wanji uno?"

Aphunzitsi anaimirira, navula chipewa. "Si msonkhano, atcheya. Tikuphunzitsana za kuipa kwa maiko akunja. Anyamatawa aziyamika bata limene tili nalo kuno."

Atcheya anayang'ana chikuto cha khaki, nayang'ana ife. "Tawerengani timve."

Anakhala pathumba la mchere. Anakhala mpaka dzuwa kulowa. Mawa lake anabweranso, okha, atanyamula kampando. Ndipo pagulu lonselo panalibe munthu amene ankamuda O'Brien kuposa iwo. Ankamenya ndodo pansi. "Chitsiru cha munthu! Kuno sangagone tsiku limodzi ameneyo!" Ife tinkavomera kuti zoonadi atcheya, kuno sangagone. Zaka zonsezi ndakhala ndikusinthasintha maganizo pa bambo amene uja. Nthawi zina ndimati sankaona chilichonse. Nthawi zina ndimati ankaona kuposa tonsefe, ndipo pathumba la mchere paja mpokhapo pamene akanatha kutukwana mokweza.

Tsono tsoka linagwa Loweruka lina, nkhani itafika pothina, Ken akusakidwa ndi apolisi mbali ino, zigawenga mbali inayo. Aphunzitsi anatembenuza tsamba n'kupeza khaki. Anatembenuzanso. Masamba omalizira kunalibe. Chiganizo chinathera pakati, ngati munthu wodulidwa mawu ndi imfa.

Kunali chipwirikiti. Ena anati mzungu uja ndiye anang'amba. Ine ndinalumbira kuti pamene ndinkalikutira bukulo linali lathunthu. Atcheya analonjeza kuti wochita zimenezi aona chomwe chinameta nkhanga mpala. Pamene phokoso linkakula mlonda anadzuka pang'onopang'ono n'kumapita kuchipata, ndipo mayi a kanyenya ndi amene anaona kandudu kali kukhutu kwake, kopichiridwa m'pepala la zilembo zing'onozing'ono.

Usiku mlondayo ndinkamusiyira makiyi a ofesi. Iye anaona kuti pepala la bukulo ndi lofewa, lopsa bwino kuposa la nyuzipepala. Podziteteza anati sanakhudze kumene tinkawerenga. Ankangotengako kumbuyo, kumene kunalibe ntchito, monga mmene umadulira nsalu kumpendero. "Ndimati pofika kumeneko mukhala mutatopa nalo." Atcheya anatsegula pakamwa, natseka, kenako anaseka mpaka misozi. Foromani anati basi, kambuku tamugwira koma mchira wapita ndi utsi.

Ndinayesa kufunafuna lina. Ndinatuma ogwira ntchito m'sitima ya ku Limbe, ndinafunsa amalinyero. Anandibweretsera mabuku ena a Chase, awiri kapena atatu, koma Kambuku ayi. Choncho aliyense anamaliza nkhaniyo yekha, ndipo mathero ake ankafanana ndi mwini wake. Kwa aphunzitsi, Adams anamanga O'Brien, khoti linagamula mwachilungamo, Ken anapepesa kwa mkazi wake. Kwa foromani, O'Brien anagwa ndithu, koma Adams anakhala pamalo pake n'kuyamba kudya kuposa woyambayo. Atcheya anati boma lalikulu linatumiza asilikali kudzasesa mzinda wonse. Mlonda anati iye mathero anawasuta, ali m'chifuwa mwake, ndipo sanena. Mayi a kanyenya sanasamale za O'Brien. Kwa iwo mkazi wa Ken anabwerako, anamva zonse kwa anansi, anamanga katundu wake, ndipo Ken anakalamba akudziphikira yekha.

Chaka chomwecho chisanathe, wailesi inalengeza za kumangidwa kwa Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani, munthu amene dzina lake lokha linkaumitsa malovu. Pamodzi naye anamangidwa Focus Gwede, mkulu wa Special Branch, yemwe uja Mpasu anadzalemba pambuyo pake m'buku la Political Prisoner 3/75 kuti ndiye anamupanikiza ndi mafunso. Muwalo ananyongedwa mu 1977. M'mawa wotsatira chilengezo choyambacho palibe anatchula dzina. Aphunzitsi anangodutsa pa beseni la kanyenya n'kunena kuti, "Mayi, khoswe uja akuti anapheka." Mayiwo anapitiriza kuwaza mchere pansomba. "Mkhate uli pomwepo, aphunzitsi. Makoswe ndi ambiri."

Mu May 1983, atalengeza kuti nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, afa pangozi ya galimoto ku Mwanza, foromani anali atapuma kale ntchito. Anabwera kuofesi kwanga ndi ndodo yake, nakhala nthawi yaitali osayankhula. Potuluka anati, "Akalaliki, O'Brien uja anali mwana." Sanakhale ndi moyo mpaka 1995 kuti amve lipoti la Mtegha likunena poyera kuti anthuwo anachita kuphedwa ndi apolisi.

Aphunzitsi anaona zonsezo, anavota pa referendamu ya 1993, anavina. Mpasu atakhala nduna ya zamaphunziro mu 1994, chaka cha sukulu yaulere, ankayenda monyada ngati wasankhidwa ndi mbale wawo. Kenako kunabuka nkhani ya makope a Fieldyork, ndipo mu 2008 khoti linagamula kuti Mpasu akakhale kundende zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa chogwiritsa ntchito udindo molakwika. Munthu amene analowa m'ndende koyamba chifukwa cha buku lolembedwa analowanso chifukwa cha makope osalembamo. Ndinapita kukawaona aphunzitsi, ali chigonere. Ndinkaganiza kuti anena kuti foromani ankanena zoona. Sanatero. Anati mlanduwo sunayende bwino, ndipo tinakangana mpaka akazi awo anandithamangitsa kuti ndikuwakwezera magazi. Anamwalira akukhulupirirabe Adams.

Za wolembayo ndinadzazimva mochedwa, ndipo zinandiseketsa. Ife tinkalumbira kuti Chase ndi Mmereka wokulira pakati pa zigawenga. Chonsecho anali Mngelezi wobadwira ku London mu 1906, dzina lake lenileni René Raymond, ndipo mizinda ya ku Amereka ankailemba mothandizidwa ndi mapu ndi buku la mawu a m'misewu ya kumeneko. Kambuku anamulemba mu 1954. Ndiye kuti iye ankapeka Amereka amene sankamudziwa bwino, ife n'kumamvamo Malawi amene iye sanamuganizireko n'komwe.

Doko lija lero lili zii. Njanji anaipereka kwa kampani mu 1999, madzi padoko anayamba kuchepa, mchenga unadzaza, magalimoto akuluakulu analanda katundu. Kuseri kwa shedi kumene tinkakhala kumagona mbuzi.

Mu 2013, nkhani ya Cashgate ili m'kamwam'kamwa, mdzukulu wanga wa ku Lilongwe anandibweretsera phukusi. Anali atatopa ndi kumva za Kambuku chaka ndi chaka, ndiye anakafunafuna kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu mpaka analipeza. Lathunthu, chikuto chili pompo, mkazi wa pachikutoyo atavala zimene masiku ano anthu amapita nazo kumsika. Ndinaliwerenga usiku umodzi ndi magalasi awiri, anga ndi a malemu akazi anga. Nditafika pa chiganizo chodukira pakati chija manja ananjenjemera. Ndinapitirira, ndinamaliza, ndinadziwa amene anabaya Fay Carson. Tambala woyamba atalira ndinazindikira kuti pa gulu lonse lija wotsala woti ndikamuuze ndi mmodzi.

Ndinawapeza pakhonde kwa mwana wawo, maso atachita khungu, akusenda chinangwa ndi kukhudza kokha. Anandizindikira mawu.

"Akalaliki. Mukadali moyo?"

"Ndikadalipo, mayi. Ndabwera ndi mchira wa Kambuku."

Anasiya mpeni. Ndinawapatsa buku, analisisita, analinunkhiza, anayesa kulemera kwake m'dzanja ngati chambo. Kenako anandibwezera.

"Mkazi uja anamusiya?"

Ndinayamba kufotokoza kuti nkhaniyo ili ndi zambiri, kuti choyamba ayenera kudziwa za wakupha.

"Ndafunsa za mkazi."

Ndinakhala chete.

"Ndiye sungani buku lanulo," anatero, akufufuza mpeni pamphasa. "Ine ndinamaliza kalekale. Anamusiya. Tasenderani kuno muthandize chinangwachi."